Tsiku Limene Sikelo ya Mzime Inakwera

Azakhali a amuna anga anafika m'mawa wa Lachinayi, ine ndisanatsegule n'komwe zenera la chipinda chosokera. Anavala nsapato zawo zoyendera, chikwama chili kukhwapa, ndipo tiyi anamukana. Anati amva kuti lero ndi tsiku la sikelo, ndiye abwera kuti akaone ndi maso awo. Ponena zimenezi sanandiyang'ane ine. Ankayang'ana mwana wanga wa zaka ziwiri, amene anali pansi akukhuthula bokosi la zidutswa za nsalu, masaya akulendewera.

Ine ndine telala, ndimasokera pakhomo. Amuna anga ndi makaniko wa malole. Amachoka kukucha, n'kubwera dzuwa litapendeka, mafuta ali thupi lonse. Mzime ndi mlongo wawo wotsiriza, ndipo dzina la pakhomoli linamukanirira mpaka kusukulu. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anabadwa ndi kachilombo, mankhwala anayamba kumwa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Kwathu anabwera amayi ake atamwalira m'wodi ya azimayi ya chipatala chachikulu, chomwecho chimene iye ankakalandirako mankhwala. Panali patapita zaka zitatu chichitikireni malirowo.

Ine ndi amene ndinayamba kuona kuti mwanayo akutha. Siketi yake ya kusukulu ndinasoka ndekha, ndipo m'miyezi iwiri ndinaibweza m'chiuno kawiri. Nditapita naye kuchipatala anamuyeza msinkhu, kulemera ndi mkono, n'kunena kuti wanyentchera kwambiri. Anamulembera chiponde cha kuchipatala, chija cha m'timapaketi, chosakaniza mtedza wopera, mkaka ndi mafuta. Anati azidya titatu pa tsiku kuwonjezera pa chakudya cha pakhomo, ndipo tizibwera ku sikelo milungu iwiri iliyonse. Anesi anandiyang'anitsitsa n'kundiuza kuti amenewa ndi mankhwala a munthu mmodzi, si switi ya banja lonse. Ndinavomera, koma mumtima zinandiwawa kuti andiganizira chotero tisanadziwane.

Mzime ankatenga kapaketi kake n'kukadzitsekera kuchipinda. Ankati sangadye anthu akumuyang'ana. Pakapita kanthawi ankatuluka n'kundipatsa kapaketi kopanda kanthu, kofinyidwa bwinobwino, ine n'kuponya m'chitini. Pa chakudya chamadzulo ankangotosatosa mpunga, n'kunena kuti chiponde chamukhutitsa. Koma sikelo sinkakwera. Inayambira pa makilogalamu 33, kenako 32 ndi theka, ulendo wachitatu 32.1. Pamenepo anesi anati ikapanda kukwera ulendo wotsatira amugoneka.

Tsiku lina azakhali atabwera kudzacheza anapeza mwana wanga atasolola kapaketi m'chitini muja akunyambita. Sanakalipe. Anangoseka pang'ono n'kunena kuti akuluakulu sananame, mwana wa mwini amamuuza kuti akasambe m'manja, wako umati kazidya. Mawu amenewo anayenda. Anafika kwa alamu anga ena a kutali, anafika kwa amayi oyandikana nafe, mpaka anabwerera m'nyumba mwanga kudzera m'kamwa mwa amuna anga, amene madzulo ena anandifunsa motsitsa mawu ngati timapaketi timakhala pamalo oti mwana sangafikire. Ndinakakhala pa makina n'kusoka msoko umodzi kanayi.

Choncho m'mawa umenewo, azakhali atanena zoti akaona okha, ndinangoti zikomo, tipitira limodzi. Mwana ndinakamusiya kwa amayi a nyumba ya kumbuyo. Mzime anatuluka kuchipinda atavala siketi ya kusukulu ija ndi juzi yokhuthala, ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha. Ndinamuuza kuti avule juziyo, iye anati akumva kuzizira. Pokwera minibasi anagwira chitseko ndi manja onse awiri, n'kudzikweza pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

Kuchipatala tinapeza mabenchi atadzaza. Linali tsiku la achinyamata, ndipo ambiri anali ndi yunifolomu, kabuku ka kuchipatala atakapinda kuti kasaoneke. Tinakhala kumapeto, Mzime pakati, ine uku, azakhali uko. Mzere ukasuntha tinkaimirira, kusendera, n'kukhalanso. Ulendo wachitatu woimirira m'pamene maso anga anagwera pa mpendero wa siketi yake.

Nsalu imene wasoka wekha umaidziwa ngati mwana wako. Siketi ija inali yopepuka, munthu akatembenuka inkauluka pang'ono. Tsikuli inangoti njo, ngati katani yonyowa. Ndinawerama ngati ndikukonza lamba wa nsapato. Mpendero unali utasokedwanso ndi dzanja, misoko italiitali ya ulusi wakuda pa nsalu yotuwa, ndipo m'katimo munali timabampu tondondozana. Nditaweramuka chigongono changa chinagunda m'chiuno mwake, pansi pa juzi. Chinagunda chitsulo.

Mzime sanatembenuke. Anangouma khosi, maso ali pa khoma pamene panali chithunzi cha mazira, nyemba ndi zipatso. Ndinakumbukira kuti Lamlungu amuna anga anagubuduza bokosi lawo la zipangizo pakhonde akufunafuna manati achitsulo omangira matayala, n'kumadandaula kuti pakhomo pano zinthu zimamera miyendo.

Ndinafuna kumunong'oneza, koma azakhali anali pomwepo, khutu lili tcheru. Tisanathe n'komwe kukhala, bambo wa pa sikelo anaitana nambala yathu.

Bamboyo anali wanthabwala, aliyense ankamutchula kuti bwana. Anauza Mzime kuti avule nsapato, n'kufunsa ngati juziyo singachoke. Mzime anati ali ndi chimfine. Bamboyo anayang'ana mzere umene unatsala, n'kungoti basi kwerani bwana. Mwanayo anakwera, manja atawatsitsa m'mbali, osapuma. Manambala ofiira anathamangathamanga n'kuima pa 33.4.

Bambo uja anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti akapitiriza chonchi chaka chamawa sikelo idzafuna ina yoithandiza. Azakhali anasendera pafupi, kuvala magalasi, kuwerenga okha, n'kufunsa kuti ulendo watha zinali zingati. Atauzidwa anati, "Oo," n'kuvula magalasi aja. Kenako anandiyang'ana, koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti ndiye kuti zayamba kuyenda.

Ndisaname, zinandikomera. Kwa milungu isanu ndinali mfiti ya pa banja, ndipo apa manambala anali atandisambitsa pamaso pa munthu yemweyo amene anandipaka matope. Ndinadziuza kuti ndikalankhula naye kunyumba, tili awiri, ndikamasula mpenderowo, ndipo milungu iwiri ikubwerayi ndizikhala naye pafupi mpaka adye. Ndinanyamula kabuku n'kutsogola kupita ku chipinda cha anesi.

Chipindacho chinali chaching'ono: tebulo, mipando iwiri, bedi lopimira ndi makatoni a chiponde osanjikizana pakona. Anesi anali omwe aja, mayi wamfupi wa imvi za m'mbali, wolankhula mosathamanga. Anaona nambala ya sikelo n'kugwedeza mutu mokondwa. Kenako anauza Mzime kuti akweze dzanja la juzi, n'kumukulunga kachingwe koyezera pakati pa phewa ndi chigongono. Anawerenga, kumasula, kukulunganso. Anatsegula tsamba la mmbuyo la kabuku. Anati zachilendo, thupi lakwera koma mkono wachepa ndi theka la sentimita.

Anagwada pansi n'kudina mapazi a Mzime ndi zala zazikulu, kudikira, n'kuchotsa. Anati amafuna aone ngati ndi madzi amene akumulemeretsa, koma mapazi sanatupe. Anamufunsa ngati akudya timapaketi tonse, Mzime anati inde. Ngati akumwa mankhwala tsiku lililonse, anati inde. Ngati akutsegula m'mimba kapena kutsokomola, anati ayi. Mayankho onse ankatuluka msanga, maso ali pansi.

Wina anagogoda n'kusuzumira, kunena kuti panja patsala anthu makumi atatu ndipo mmodzi wakomoka pa benchi. Anesi anapuma mozama. Anati mwina ulendo watha anayeza mkono ndi munthu wina, manja amasiyana. Anatenga cholembera. Anati popeza sikelo yakwera chonchi, zogonekedwa zija tiziiwale, ndipo kuti mwanayu asamajombe kusukulu pafupipafupi tibwere pakatha mwezi.

Mwezi. Ndinayang'ana mkono uja, umene Mzime anali asanaubise. Unali ngati mpini wa supuni. Cholembera chinali chitayamba kale kuyenda pa pepala.

"Anesi, musalembe kaye," ndinatero.

Mawu anga anatuluka aang'ono, koma onse anamva. Mzime anandiyang'ana. Sindidzaiwala mmene anandiyang'anira. Sanali maso opempha, anali maso a munthu amene akukuuza kuti ukapitiriza, mwathana. Azakhali anafunsa kuti kwagwanji. Ine ndinati pali kanthu kena kachizimayi kamene ndikufuna kufunsa. Anesi anandiyang'ana, kuyang'ana mwana, n'kuuza azakhali mwaulemu kuti lamulo la chipinda chino ndi woperekeza mmodzi, ayambe apuma panja. Azakhali anatuluka akung'ung'udza, chitseko n'kutsekeka.

"Mzime, vula juzi."

"Alamu, chonde."

"Vula wekha. Ine sindikugwira."

Panja mwana wina ankalira, wailesi ya munthu inkaimba. Anesi anaika cholembera pansi n'kupinda manja. Kenako Mzime anakweza juzi. M'chiuno mwake munali lamba wa nsalu ya maluwa, chidutswa cha diresi imene ndinasokera kasitomala mwezi watha. Anachipinda pawiri n'kusoka timatumba, m'kathumba kalikonse muli nati ya tayala la lole. Anamanga mfundo yolimba moti zala zake zinalephera kumasula. Anesi anadula ndi sizasi. Lambayo atamuika m'mbale yachitsulo pa tebulo, phokoso lake linandilowa m'mano. Pa khungu pamene panadutsa lambayo panali mzere wofiira, mafupa a m'chiuno atanyuka mbali zonse ziwiri.

Mpendero ndinamasula ndine, nditagwada, ndi nsonga ya sizasi yomweyo. Timanati ting'onoting'ono tinkagwera m'dzanja langa kamodzikamodzi. Mzime ankayang'ana kudenga.

Anesi sanakalipe. Anasolola sikelo ina pansi pa bedi n'kumuuza kuti akwere. Inaima pa 31.6. Anafufuta nambala yoyamba ija ndi mzere umodzi n'kulemba yatsopano. Kenako anatenga kapaketi m'katoni, kukang'amba pakona, kuthira madzi m'kapu, n'kumukhazika Mzime pa bedi. Anamuuza kuti sakumulanga; akungofuna aone mmene amadyera. Akatha theka la kapaketi pa theka la ola, akambirana zobwerera kunyumba. Akalephera, thupi lake likufuna thandizo limene kunyumba kulibe.

Mzime anagwira kapaketiko ndi manja awiri. Anafinyira pang'ono pa lilime, n'kutafuna, n'kutafuna. Ndinaona khosi lake likukonzekera, mapewa akukwera. Atameza anatsinzina, thupi lonse n'kugwedezeka, dzanja limodzi n'kugwira pachifuwa. Anamwa madzi, nawonso anamupweteka. Anafinyanso kachiwiri. Ulendo uno chipondecho chinakhala m'kamwa, osapita, misozi ikutsika mwakachetechete mpaka kuchibwano. Anayesa kachitatu, n'kulavulira m'dzanja.

Anesi anatulutsa tochi m'thumba n'kumuuza kuti ayasamule. Anandikodola kuti ndione. Lilime, m'masaya, mpaka kum'mero kumene kuwala kunkathera, munali zoyera ngati mkaka woundana, m'mbali mwake mofiira. Ndinali nditakhala ndi mwanayu nyumba imodzi, kumuchapira, kumuphikira, kuwerenga timapaketi take, koma sindinamuuzepo kuti atsegule pakamwa.

Zotsalazo anazinena pang'onopang'ono, anesi akufunsa. Anati kumeza kunayamba kuwawa miyezi iwiri yapitayo, ngati akumeza magalasi osweka. Chiponde ankachifinyira m'pepala n'kukataya kuchimbudzi popita kusukulu. Mapiritsi ankamuima pakhosi, ndiye kwa milungu itatu sanamwe. Ankawabisa m'sokosi kuti botolo lizioneka likutha. Anesi anamufunsa chifukwa chimene sananenere.

"Amayi anayamba chonchi," anatero Mzime. "M'kamwa. Atanena, anawagoneka. Bedi lachitatu kuchokera pa zenera."

Adokotala anabwera, mnyamata wamtali wotopa m'maso. Anamuyang'ana m'kamwa, kumumvetsera pachifuwa, kumutenga magazi. Anati zilonda za kum'merozo zili ndi mankhwala ndipo zimapola, koma thupi lafooka kwambiri moti sangamulole kupita. Ayenera kugonekedwa lero, ayambe ndi mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono, ayezedwe chifuwa chachikulu, ndipo za mapiritsi aja aziona magazi akabwera. Mzime anafunsa kuti wodi iti. Adokotala anati ya azimayi ilipo imodzi.

Sanathawe mothamanga, analibe mphamvu zake. Anangotsika pa bedi, kutsegula chitseko, n'kuyamba kuyenda pakhonde opanda nsapato, mpendero womasuka ukukhwekhwereza ulusi. Azakhali anadzambatuka pa benchi n'kumugwira. Mzime anabisa nkhope pachifuwa pawo n'kunena kuti akufuna kumugoneka, amutenge azipita.

Ndinafika nsapato zake zili m'manja. Azakhali anandifunsa kuti ndanena chiyani m'katimo, poti sikelo anaiona okha itakwera. Ndinawafotokozera mwachidule, motsitsa mawu, chifukwa anthu a pa mabenchi anali atatembenuka onse. Ndinkayembekeza kuti andinyoza. Koma nkhope yawo inasintha mwa mtundu wina. Ndinali nditaiwala kuti amene anadikirira amayi a Mzime m'wodi imeneyo kwa milungu isanu ndi umodzi, kugona pansi pa bedi, kuwasambitsa, mpaka kuwatseka maso, anali azakhali omwewa.

"Mwanayu salowa m'menemo," anatero. "Ndikamusamala ndekha kwathu. Mazira, mkaka, chilichonse. Inu amake mwana mwachita mbali yanu."

Ndinati sangameze ngakhale madzi, mazirawo adutsa pati? Anati ine ndine wobwera, sindinaone zimene iwo anaona, ndipo mwana wa mchimwene wawo sangaperekedwe ndi mlendo. Anayamba kuyenda naye kulowera ku geti. Ine ndinawadutsa n'kukaima kutsogolo kwawo. Sindinachitepo zotero kwa munthu wamkulu chibadwire. Ndinati ndapota nawo, adikire mwini mlongo abwere; akanena kuti apite, ine ndipatuka. Anesi anali ataima pa chitseko chawo, akutiyang'ana, osalowerera. Ndinaimbira amuna anga foni ndili chiimire pomwepo. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Ulendo wachitatu anayankha mnzawo wa ku galaja, n'kunena kuti ali pansi pa lole. Ndinati awatulutse.

Tinadikira pafupifupi ola, atatu pa benchi limodzi. Mzime anatsamira azakhali, nsana atandipatsa ine. Kawiri konse azakhali anaimirira n'kunena kuti nthawi ikutha, ine n'kuimiriranso, iwo n'kukhala.

Amuna anga anafika ndi ovolosi, manja akuda. Anesi anawalowetsa okha m'chipinda. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinawaona ataima pa tebulo, akuyang'ana mbale yachitsulo ija. Anatola nati imodzi, kuitembenuza, n'kuibwezera. Atatuluka anadzanjuta patsogolo pa mlongo wawo. Ndi munthu wosachuluka mawu. Anamuuza kuti amayi anafika kuchipatala mochedwa, atabisa matenda chaka chathunthu, ndipo iwo anali mnyamata, sanadziwe choti achite. Anati ulendo uno akudziwa. Mzime anafunsa ngati angalonjeze kuti adzatuluka.

"Zimenezo sindingalonjeze, ndingakunamize," anatero. "Koma sukhala wekha ngakhale ola limodzi."

Azakhali anayamba kulankhula, amuna anga n'kuwauza mofatsa kuti amva, koma mwanayu agona. Anawapempha kuti akakhale kwathu masiku amenewa asunge mwana wamng'ono, popeza ine ndi amene ndidikirire. Azakhali anatsegula chikwama, kutseka, n'kufunsa kuti mwanayo amadya nthawi yanji.

Anesi anatiperekeza okha ku wodi. Analankhula ndi anzawo a kumeneko, ndipo anasuntha mayi wina kuti Mzime apeze bedi la pafupi ndi khomo, kutali ndi mazenera. Polowa anayang'ana pansi mpaka kufika pa bedilo, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Masiku anayi sanandilankhule. Mkaka unkabwera m'kapu yaing'ono maola atatu aliwonse, woyezedwa, ndipo anatichenjeza kuti tisawonjezere chilichonse ngakhale apemphe, chifukwa thupi lotha likadzidzimutsidwa ndi chakudya chambiri limagwa. Ndinkamupatsa ndi supuni. Ankalandira osandiyang'ana, supuni iliyonse akulimbana nayo, kapu imodzi kutenga pafupifupi ola. Akafuna kupita kuchimbudzi ankauza mayi wa bedi loyandikana, mayiyo n'kuuza ine. Mayi ameneyo anali wogulitsa zovala pa msika, wowonda kuposa Mzime, koma pakamwa pake posatopa. Ankatitchula kuti banja losudzulana, n'kumati iye watopa kukhala nkhoswe yopanda malipiro. Mzime ankamuseka mobisa.

Tsiku lachisanu, chakumasana, mayi uja anasiya kulankhula. Mpweya wake unayamba kukoka. Mng'ono wake anathamangira anesi, anabwera ndi makatani a matayala n'kuzungulira bedi, koma makataniwo sankafika pansi ndipo tinkaona mapazi akupondana. Zinatenga mphindi makumi awiri. Kenako mapazi aja anaima, mng'ono uja n'kuyamba kulira.

Ndinayang'ana Mzime. Anali atakhala tsonga, maso ali pa khomo, limene linali masitepe atatu kuchokera pa bedi lake. Phazi limodzi linali litatsika kale. Ndinaganiza zomugwira, koma ndinadziwa kuti ndikatero ndiye ayamba kulimbana. Ndinakhala pa mpando wanga, manja ali pa maondo. Anabwera ndi machira, kunyamula thupi, n'kudutsa nalo pafupi ndi mapazi athu.

Nthawi ya mkaka inakwana machirawo atangotuluka. Mtsikana wogawa anaika kapu pa kabati n'kupitirira. Palibe anaikhudza. Patapita nthawi Mzime anabweza phazi lija pa bedi.

"Alamu, mkaka uzizira," anatero.

Ndinatenga supuni, koma iye anapukusa mutu n'kutenga kapu yonse. Anamwa pang'ono, kudikira ululu, n'kumwanso. Anati lero sikukuwawa ngati dzulo. Atamaliza anandifunsa ngati mayi uja anali ndi ana. Ndinati awiri. Anagona, ulendo uno atayang'ana kumene ndinali, ndipo anagwira nsonga ya nsalu yanga mpaka tulo tinamutenga.

Tinatuluka tsiku la khumi ndi chiwiri, atadya kapaketi kathunthu anesi akuona. Chifuwa chachikulu sanamupeze nacho. Magazi anaonetsa kuti kachilombo kachuluka, ndipo patapita miyezi itatu anamusinthira mankhwala, amene poyamba ankamuzunguza mutu. Kunenepa kunabwera mwaulesi, mwezi wina kukwera, mwezi wina kuima, ndipo chiponde anasiya kulandira patatha miyezi isanu, atafika makilogalamu 39. Ankadyera pa mpando wa m'chipinda chosokera, ine ndikupalasa makina, akudandaula kuti chimakakamira m'mano.

Azakhali sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere. Anakhala kwathu milungu itatu m'malo mwa iwiri, ndipo pochoka anandisiyira malangizo ambirimbiri a kaleredwe ka mwana wanga. Mayeso a chaka chimenecho Mzime anawaphonya, anabwereza kalasi. Anzake anapita patsogolo, ndipo zimenezo zimamuwawabe; akapsa mtima amandiuza kuti chaka chake ndinadya ndine. Ndimamuyankha kuti inde, ndinadya, akatenge mabuku.